Lipoti la ulendo wa ku Georgia: mapulaimale a aphungu monga tidawaonera

Mu Meyi 2024 gulu lathu, momwe mudali ophunzitsa anthu za zisankho, atolankhani ndi mamonita ochokera m'mipingo, lidapita ku Georgia, imodzi mwa masteti 50 a dziko la America, kukaona momwe zipani za Republican ndi Democratic zimasankhira odzaziimira pa mipando ya aphungu. Tidafikira mumzinda wa Atlanta, ndipo otilandira adatigawa m'timagulu kuti tione madera osiyanasiyana. Za ndalama za kampeni alemba anzanga; ine adandipatsa mbali ya madera a aphungu. Tsiku lovota lidali Lachiwiri pa 21 Meyi, deti lomwe lija ife tidavotera mu 2019, choncho m'basi nthabwala za tipeksi sizidasowe.

Nyumba ya aphungu ya dziko lonse ku Washington ili ndi mipando 435, ndipo steti iliyonse imalandira mipando molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake. Georgia ili ndi 14. Dera limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 765,000, ndipo phungu amakhala zaka ziwiri zokha n'kubwereranso kukapempha voti. Georgia ilinso ndi nyumba yakeyake ya malamulo ku Atlanta, ya aphungu 180 ndi maseneta 56, ndipo onsewa mapulaimale awo adali tsiku lomwelo. Pepala limodzi lovotera lidali ndi phungu wa ku Washington, wa ku Atlanta, akuluakulu a kaunti (chigawo chonga maboma athu), mpaka oweruza milandu, pakuti kumeneko majaji nawo amachita kuvoteredwa.

Chidatidabwitsa choyamba n'chakuti mapulaimale sayendetsedwa ndi chipani. Amayendetsa ndi boma, kudzera m'maofesi a zisankho a makaunti 159, pa ndalama za msonkho, ndi makina omwewo a chisankho chachikulu. Palibe nthumwi zosankhidwa usiku ndi mkulu wa chipani m'dera. Palibe kuima pamzere kumbuyo kwa amene ukumufuna, iye akukupenya kuti aone ngati sopo wake udagwira ntchito. Ku Georgia munthu polembetsa m'kaundula satchula n'komwe chipani chake. Akafika pamalo ovotera amaonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi, n'kunena pepala lomwe akufuna: la Republican, la Democratic, kapena la mipando yopanda chipani yokha. Amapatsidwa kakhadi kolowetsa m'makina, amasankha podina pagalasi, makinawo n'kusindikiza pepala lomwe iye mwini amakaliika m'makina ena owerengera. Inki ya pachala kulibe. Potuluka amakumata kachomata kokhala ndi chithunzi cha pichesi, chipatso chomwe Georgia imanyadira.

Mnzathu wina wa ku Mzimba adafunsa mayi woyang'anira malo ovotera ku kaunti ya Cobb: “Mayi, nanga a chipani china akagwirizana kudzavotera munthu wofooka wa adani awo kuti adzamugonjetse mosavuta, mumawaletsa bwanji?” Mayiwo adaseka, nati lamulo sililetsa, koma wotero wataya mwayi wosankha m'chipani chake, ndipo kukakhala chibwereza saloledwa kudumphira ku chipani chinacho. Adawonjeza kuti vuto lawo si kuchuluka kwa ovota ochenjera koma kuchepa kwa ovota alionse. Izi tidaziona ndi maso. Malo amatsegulidwa 7 koloko m'mawa n'kutsekedwa 7 koloko madzulo, tsikulo si la tchuthi, ndipo masana onse anthu ankalowa m'modzim'modzi, ambiri achikulire. N'zoona kuti ena adavoteratu, poti kuvota kudayamba pa 29 Epulo ndipo ena amavota kudzera pa positi, komabe ogwira ntchito okha ankavomereza kuti pa mapulaimale anthu ambiri olembetsa amakhala kunyumba.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. M'madera ambiri a Georgia, wopambana mapulaimale a Meyi ndiye phungu. Chisankho cha Novembala chimangosindikiza chidindo. Chifukwa chake ndi mapu.

Malire a madera kumeneko sadulidwa ndi bungwe loima palokha ngati MEC yathu, yomwe idakweza madera athu kuchoka pa 193 kufika pa 229. Amadula ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Atlanta pambuyo pa kalembera wa zaka khumi zilizonse, ndipo chipani chomwe chili ndi aphungu ambiri ndicho chimagwira cholembera. Lamulo lakuti madera akhale ndi anthu ofanana lidachokera ku Georgia komweko, pa mlandu wa Wesberry v. Sanders wa 1964, pomwe dera la Atlanta lidali ndi anthu ochuluka kwambiri kuposa madera akumidzi koma phungu mmodzi yemweyo. Chiwerengero tsopano amachilemekeza mpaka munthu mmodzi. Koma lamulo silinena kuti anthu 765,000 amenewo akhale ati. Wodula mapu amatha kuunjika otsatira chipani chotsutsa m'madera ochepa kuti apambane kumeneko ndi mavoti ochuluka opanda nawo ntchito, otsalawo n'kuwamwaza m'madera ena momwe sangafike theka. Mu 2020 Joe Biden adapambana Georgia ndi mavoti 11,779 okha, kusonyeza kuti zipani ziwirizi n'zofanana mphamvu, ndipo maseneta onse awiri oimira Georgia ku Washington, Jon Ossoff ndi Raphael Warnock, ndi a Democratic. Koma pa mipando 14 ija, mapu a 2021 adapereka 9 kwa Republican ndi 5 kwa Democratic, pomwe kale zidali 8 kwa 6.

Kuti timvetse bwino, mphunzitsi wina wa payunivesite adatiyalira mapu atatu patebulo n'kutiuza kuti titsate mayi mmodzi, Lucy McBath wa Democratic. Mayiwa adalowa ndale mwana wawo Jordan Davis ataphedwa ndi mfuti ku Florida mu 2012. Mu 2018 adapambana dera la nambala 6 kumpoto kwa Atlanta, lomwe kale lidali la Newt Gingrich wa Republican, yemwe adakhalapo sipikala wa nyumba ya aphungu ku Washington. Mu 2021 deralo lidakokedwera kumpoto, kumidzi komwe a Republican ndi ochuluka, ndipo iwo ataona kuti sangalimbe adasamukira dera la nambala 7, komwe adakumana pa mapulaimale ndi phungu mnzawo wa chipani chimodzi, Carolyn Bourdeaux, n'kumugonjetsa mu 2022. Mu Okutobala 2023 jaji Steve Jones adagamula kuti mapuwo akuphwanya lamulo la ufulu wovota la 1965, nalamula kuti pakhale dera lina lomwe anthu akuda ndi ochuluka, kumadzulo kwa Atlanta. Aphungu adamveradi. Adapanga dera latsopano la nambala 6 kuchokera m'zigawo za makaunti a Fulton, Cobb, Douglas ndi Fayette, koma nthawi yomweyo adaphwasula dera la nambala 7 la McBath. Jaji adavomereza mu Disembala, chiwerengero chidatsala 9 kwa 5, ndipo mayiwo adanyamukanso kukapempha voti kwa anthu ena atsopano. Usiku wa pa 21 Meyi adapambana mosavuta. Pa zisankho zitatu zotsatizana, adaima pa mapu atatu osiyana. M'gulu mwathu tidakangana ngati izi zikusiyana ndi kubera mavoti. Ine ndikuti kusiyana kwake n'kwakuti zimachitika masana, pamaso pa makamera, ndipo maloya amalipidwa bwino.

Kagulu kathu kadapitanso kumwera chakumadzulo kwa Atlanta, m'dera la nambala 3, komwe mpikisano udali weniweni chifukwa phungu Drew Ferguson adalengeza kuti saimanso. Anthu asanu a Republican adalimbirana mpandowo. Tidadutsa ku Peachtree City, tauni yomwe anthu amayenda pa tingolo ta gofu popita kusitolo ndi kusukulu, ndi ku Newnan. Misonkhano ya pabwalo yokhala ndi magule ndi nsalu za chipani sitidaione. Kampeni yake ndi ya zikwangwani zozikidwa pakapinga kutsogolo kwa nyumba, makalata a pa positi, wailesi ya kanema ndi achinyamata ogogoda pazitseko ali ndi mndandanda pafoni wosonyeza nyumba zomwe eni ake amavota kawirikawiri. Mndandandawu amautenga m'kaundula wa boma, yemwe amaonetsa kuti wakuti adavota m'mapulaimale a chipani chiti, ngakhale saonetsa yemwe adamuvotera. Brian Jack, yemwe adagwirapo ntchito mu ofesi ya Donald Trump ndipo Trump adamuvomereza poyera, adatsogola ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse. Mike Dugan wa ku Carrollton, yemwe adakhalapo mtsogoleri wa maseneta a Republican ku Atlanta, adabwera pambuyo patali. Kukadakhala kwathu Jack akadanyamulidwa pamapewa usiku womwewo. Ku Georgia adauzidwa kuti abwererenso pa 18 Juni, chifukwa sadadutse theka.

Lamulo la 50+1 lomwe ife tidalidziwa ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, ndipo timaligwiritsa pa mpando wa pulezidenti wokha, kumeneko limakhudza aphungu, pa mapulaimale ndi pa chisankho chachikulu pomwe. Ambiri mwa ife tidafika tikuliyamikira. Mbusa wina wachikulire wa ku Atlanta, yemwe adakula nthawi ya tsankho, adatiziziritsa. Adatifotokozera kuti lamuloli lidakhazikitsidwa mu 1964, khothi lalikulu litathetsa kawerengedwe kakale komwe kankakondera makaunti akumidzi, ndipo amene adalikankha, phungu Denmark Groover wa ku Macon, ankafuna kuti anthu akuda akavotera munthu mmodzi azungu atagawikana, azunguwo apeze mpata wachiwiri wogwirizana. “Ana anga,” adatero, “chida chomwecho chidatitumizira Warnock ku Washington kawiri, ndiye sindikuti n'choipa. Ndikuti muzifunsa amene adachisula.” Vuto lina n'lakuti pa chibwereza ovota amachepa kuposanso poyamba, kotero wopambana amatha kupeza theka la gulu laling'ono kuposa lomwe lidam'kana theka lija.

Anzathu omwe adapita kumwera, m'dera la nambala 2 la Albany ndi Columbus, adabwera ndi nkhani za minda ya mtedza ndi thonje yosaoneka polekezera. Kumeneko Sanford Bishop wa Democratic wakhala phungu kuyambira 1993, ndipo a Republican nawo adalowa chibwereza posaka womugwetsa. Adatiuzanso za lamulo la 2021 loletsa kupatsa chakudya kapena madzi anthu omwe ali pamzere pafupi ndi malo ovotera, pa mtunda wa mafiti 150, omwe ndi mamita ngati 45. Otsutsa amati cholinga n'kutopetsa ovota a m'matauni momwe mizere imatalika. Oikira kumbuyo amati n'kuletsa kunyengerera. Ife a dziko lomwe lidaletsa kugawa zinthu pa kampeni mu lamulo la zipani la 2018, koma zogawidwazo zikuyendabe, sitidafulumire kuweruza.

Chomwe ndidachisirira kwambiri ndi zomwe zimachitika kwa wogonja. Ku Georgia ukagwa pa mapulaimale, wagwa. Sungabwerere mu Novembala ngati woima pawekha. Ofuna kuima pa chipani amalembetsa mu Malichi n'kulipira madola 5,220, ndipo woima payekha amafunika masiginecha a anthu 5 pa 100 alionse olembetsa m'deralo, chiwerengero chovuta kwambiri kuchifikira. Kwathu mu 2019 oima paokha adatenga mipando 55 pa 193, ambiri mwa iwo atadandaula kuti adaberedwa pa mapulaimale a zipani zawo. Mnzanga mtolankhani adatsutsa kuti khomo limeneli kwathu lisatsekedwe, poti ndilo pothawira munthu yemwe akuluakulu a chipani amupondereza. Ndidagwirizana naye. Kuletsa wogonja kuima payekha kumamveka pokhapokha mapulaimale akhale a chinsinsi, a kaundula wodziwika, owerengedwa ndi anthu omwe si a chipanicho. Funso lomwe tidalisiya patebulo n'lakuti ndani angalipire MEC kuti iyendetse mapulaimale a zipani zonse m'madera 229, ndipo ndi atsogoleri angati a zipani angalole kutaya mphamvu yosankha okha aphungu awo.

Chibwereza cha pa 18 Juni chidachitika tili kale kwathu, ndipo tidachitsatira pa gulu lathu la WhatsApp. Brian Jack adagonjetsa Mike Dugan. M'dera la nambala 2 Wayne Johnson ndiye adatenga tikiti ya Republican. Pa 5 Novembala Jack adapambana, McBath adapambana, Bishop adagonjetsa Johnson, ndipo m'madera onse 14 chiwerengero chidatsalabe 9 kwa Republican ndi 5 kwa Democratic.