Za dzina loti Angola, mumve kwa mwini wake

Poti chithunzi chija chayambanso kuzungulira m'magulu a WhatsApp, ndipo ena mwayamba kuthirako mchere wanu woti ndinalira, bola ndifotokoze ndekha. Sindinalire. M'maso munalowa tsitsi. Amene anajambula uja ndikumudziwa bwinobwino, anandibwereka K2,000 chaka chomwecho mpaka lero ali zii, koma imeneyo tidzakamba tsiku lina.

Munali mu Disembala 2021, ma Flames akukonzekera mpikisano wa AFCON wa ku Cameroon. Mukukumbukira mmene tauni inalili, chigoletsereni Richard Mbulu chigoli chija chochotsa Uganda pa Kamuzu Stadium mu Malichi aliyense anasanduka kochi, kondakitala kochi, mayi wa mandasi kochi, ngakhale abusa athu ulaliki unkathera pa 4-4-2. Kenako atabwera mzungu wa ku Romania uja Mario Marinica nkukhala pamwamba pa Meck Mwase, nkhani inatsala imodzi basi, atenga ndani asiya ndani. Ine ndiye ndinali nditadzipangira kale mbiri ku barbershop kwathu ku Ndirande yoti ndili ndi munthu wamkati ku Chiwembe, kumaofesi a bungwe la mpira la FAM. Munthu wamkatiyo kunena zoona ndi alamu anga, amagulitsa matayala akale ku Limbe ndipo ku Chiwembe amangodutsako pa minibasi. Koma tsiku lina anandiuzapo kuti Gaba, Gabadinho Mhango uja, ayamba gemu inayake ndipo anayambadi, ndiye mbiri inakhazikika pompo.

Tsikulo ndili pampando, nsalu pakhosi, mask pachibwano monga tinkachitira tonse. Wometa uja anali atamaliza mbali ya kumanzere, kuyambira pakhutu kukafika pakati penipeni pa mutu, mpala weniweni wowala, mbali inayo tsitsi la miyezi iwiri lili njo. Foni mthumba vuu vuu. Alamu. Chithunzi, pansi pake alemba kuti "yatuluka, usauze munthu".

Ndinakweza dzanja ngati refa. "Amwene, tazimitsani kaye mashiniwo. Sikwadi yatuluka."

Wailesi inatsitsidwa. Anyamata a bawo panja paja anasiya njombwa mmanja nkulowa, wakabaza wina anaimika njinga pakhomo, mpaka mayi wogulitsa chimanga chootcha anasuzumira pawindo. Ndisanapitirire mudziwe zinthu ziwiri, chifukwa amene amafalitsa nkhaniyi amazidumpha dala. Choyamba galasi la foni yanga linali losweka ngati mapu a mitsinje. Chachiwiri chithunzicho chinali chitatumizidwa kambirimbiri mpaka zilembo kuchita chifunga, ndipo analemba mayina a makolo okha, popanda dzina loyamba. Dziko lino a Banda ndi a Phiri alipo angati? Ndiye musamayankhule ngati inu mukanatulukira.

Ndinakonza kukhosi. "Pagolo, Sanudi."

Kunali zii. Kenako wa Manoma wina, sapota wa Wanderers, "Sanudi uti? Stanley ndi difenda wakumanja ameneuja, wayamba liti kugwira?"

Apa mpamene munthu wanzeru akanaima nkuyang'anitsitsa. Ine ayi. Ndinamuyang'ana mnyamatayo momumvera chisoni nkumuuza kuti mpira wa ku Ulaya ndi umenewo, masiku ano goloboyi amafunika wodziwa kusewera ndi miyendo, Neuer simumamuona? Mzungu wabwera ndi nzeru zatsopano, inu mwazolowera mpira wa pa dambo. Ndipo anthu anagwedeza mitu. Ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake, anthu akuluakulu asanu ndi awiri, ena a ndevu zoyera, anavomereza kuti Stanley Sanudi akagwira pagolo ku AFCON.

Banda, palibe anatsutsa, kaya John kaya Peter onse ndi madolo. Msowoya, a Maule, masapota a Bullets, anaomba mmanja poti Chiukepo anali akusewerabe. Ng'ambi, wina anati eee wabwerera mkulu uja, bola. Ine mtima mmalo, mawu akukwera, ndayamba kuwerenga mochedwetsa dala ngati wolengeza zotsatira za chisankho.

"Mponda."

Aaa. Wometa anandiyang'ana kudzera pagalasi. "Biggie, Mponda si uja amakhala pabenchi ya Bullets pambali pa Pasuwa? Wothandizira kochi?"

Anzanga, zimene ndinayankha apa ndi zimene zimandidzutsa usiku mpaka pano. Ndinadzuka pampando, nsalu ija ikulendewera ngati mkanjo wa loya, mutu theka, nkuyamba kuphunzitsa. Ndinati gulu lathu muli Senegal, muli Guinea, muli Zimbabwe. Senegal ndiye kuti Sadio Mané. Mwana wa zaka 22 mukamuika pa Mané amayamba wamupempha selfie. Pamafunika munthu wamkulu, woti anaonapo zinthu. Wina anati koma liwiro, Mané amathamanga ngati galimoto. Ine ndinati athamange, koma athamangira kuti ngati Mponda waima kale komwe akupitako? Mpira ndi mutu. Ndinagogoda mutu wanga ndi chala, mbali yometayo, inalira kuti pha pha. Ndinatenga mabotolo awiri, la sipiriti ndi la mafuta a tsitsi, nkuwaika patebulo, uyu Mané uyu Mponda, nkusuntha la sipiriti uku ndi uku, la mafuta lili phee pamalo amodzi, mpaka la sipiriti linatopa lokha. Ndinaonjezera zoti ndinamva kuti mkuluyo wakhala akuthamanga mbandakucha kukwera phiri la Ndirande mwachinsinsi. Sindinamve kwa aliyense. Zinangotuluka. Wakabaza uja anati zoona anakumanapo ndi munthu wofanana naye cha ku Makata.

Ndinapitiriza, Sangala, Kafoteka, Kamwendo, Mwafulirwa, dzina lililonse ine ndili ndi chifukwa chake, experience, experience, experience. Kunena zoona penapake pansi pa mtima kabelu kanayamba kulira kuti iwe, timu imeneyi bwanji ikumveka ngati ya nthawi yomwe unali pa chibwenzi, koma munthu ukakwera njinga yopanda mabuleki pamtsetse sufunsa komwe ukupita.

Nditamaliza wometa anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono. "Nanga Gaba?"

Ndinayang'ana. Ndinakweza, ndinatsitsa, ndinakulitsa ndi zala ziwiri. Mhango palibe.

"Wasiyidwa," ndinatero, modekha ngati dokotala. Ndipo zinamveka, chifukwa nthawi imeneyo ku Orlando Pirates mnyamatayo ankangotenthetsa benchi, aliyense ankadziwa. Wometa anakhala pansi pa kreti, mashini ali mmanja, kuyang'ana khoma. Wina anaimbira mchimwene wake ku Johannesburg pompo, mayunitsi ake, kumuuza kuti akamuuze Gaba asadandaule Mulungu alipo, ngati kuti ku Joni anthu onse amagona nyumba imodzi. Mayi wa chimanga anati dziko ili lili ndi mfiti. Wakabaza analengeza kuti amene akufuna kupita ku Chiwembe kukafunsa amunyamula ulere, awiriawiri. Ine ndili pakati kutonthoza anthu, kuti ndinauzidwa kale sabata yatha koma sindinafune kukuswani mitima.

Pakona panali madala ena ake, amabwera tsiku lililonse kudzawerenga nyuzi ya eni ake, sameta nkomwe poti tsitsi linawathera kalekale. Nthawi yonseyi anali chete. Anapinda nyuzi bwinobwino.

"Mwana wanga, mayina wawerenga angati?"

Ndinawerenga. "23, madala."

"Wailesi inati chaka chino CAF yalola 28 chifukwa cha matendawa. Tatsitsa mmunsimo, kochi alembapo ndani?"

Chala changa chinayenda pang'onopang'ono pagalasi loswekalo. Pansi penipeni, pomwe mng'alu waukulu umathera, panali tizilembo. Kinnah Phiri. Pansi pakenso, tating'ono kwambiri, Angola 2010.

Mukudziwa bata lija limakhalapo mbale ikagwa kukhitchini isanasweke? Ndinayesa kuika foni mthumba koma nsalu ija inatchinga, wa Manoma uja anailanda, inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja ngati mbale ya chopereka.

"Timu yabwino imeneyo," anatero madala aja osaseka ngakhale pang'ono. "Inachinya Algeria 3-0 ku Luanda. Mwafulirwa, Kafoteka, Davi Banda. Pagolo Swadick Sanudi. Ndinamvera pawailesi ndili ndi mano onse." Wina anawafunsa kuti nanga bwanji simunanene poyamba paja. Akuti anadziwa pa Sanudi pomwepo koma amafuna amve kaye mmene Mponda amugwirire Mané.

Phokoso lake anthu anatuluka m'mashopu oyandikana kuganiza kuti kwagwidwa wakuba. Wakabaza anagona pansi penipeni. Uja anaimba ku Joni anaimbanso, mayunitsi omwewo, kuti afotokoze, koma ankalephera kuyankhula. Ine ndinabwerera pampando mwaulemu wanga wonse nkunena kuti amwene malizitsani ndili ndi kopita. Wometa akupukuta misozi, mapewa akugwedezeka, anadzuka, anagwira mutu wanga, anadina batani.

Magetsi thii.

Wailesi zii, fani zii, mashini zii. Ndinadziyang'ana pagalasi paja kwa nthawi yaitali. Kumanzere munthu wochokera kundende, kumanja munthu woyimba kwaya. Mzere pakati wowongoka bwino ngati wapakati pa bwalo, kungosowa refa ndi ndalama yoponya. Khutu lakumanzere linkaoneka lalikulu kuposa linzake, sindinadziwepo zimenezi moyo wanga wonse. Chithunzi chomwe muli nachocho chinajambulidwa nthawi imeneyi, ndipo tsitsi lija linalowa m'maso nthawi yomweyinso.

Ndinadikira maola awiri. Aliyense wolowa ankafotokozeredwa nkhani kuyambira pachiyambi, ine ndili pompo ngati umboni wa kukhoti, mabotolo aja akusunthidwanso patebulo, wina anachita kuwapatsa mawu. Sizasi panalibe, akuti anabwereka a telala. Chipewa ndinalibe. Mapeto ake ndinalipira K500 yonse, inde yonse, nkupempha jumbo ya buluu kwa mayi wa chimanga, kuvala kumutu ngati ndikuthawa mvula. Inali nyengo ya mvula koma tsiku limenelo kumwamba kunali mbee, dzuwa lochita kuwawula. Jumbo inamatirira pampala paja ndi thukuta. Ndisanafike ndi pamsika pomwe ana anali atayamba kale kukuwa kuti Angola, Angola, nkhani inayenda mwachangu kuposa mwini wake.

Kunyumba mayi a Junior anangoti, "Bambo a Junior, mwachita ngozi?" Nditavula jumbo anakhala pansi pakhonde nkubisa nkhope mchitenje, ankati akutsokomola. Anandimalizitsa usiku ndi lezala ndi sopo wochapira, Junior atagwira tochi ya foni yomweyo yoswekayo, anandicheka malo atatu chifukwa dzanja limagwedezeka akakumbukira. Nditawaimbira alamu anati iwo sanawerenge, anangoona mbendera pamwamba nkutumiza. "Komanso alamu, ndinati usauze munthu." Pamenepo ndiye ndinasowa chonena.

Zotsatira mukuzidziwa. Gaba anapita. Tinagonja 1-0 ndi Guinea anyamata ambiri atagwidwa ndi Covid, kenako pa 14 Januwale anachinya ziwiri tikuphika Zimbabwe 2-1, ndipo chigoli chilichonse foni yanga imalira, wometa, "Angola, wosiyidwa uja wagoletsatu." Pa 25 Januwale ndi Morocco, mphindi ya 7, atamuona Bounou watuluka pagolo nkumasula chimzinga chija kuchokera kutali kuja, Ndirande yense anakuwa, ine ndinadumpha mpaka kugunda denga, kenako ndinazimitsa foni mwachangu ndisanatere pansi. Mmawa ndinapeza ma missed call 19. Hakimi atatimaliza ndi fulikiki ija anthu anali ndi chisoni koma ena anapezabe mphamvu zondilembera kuti Mponda akanaima kale pomwe mpirawo umapita.

Koma pali chimodzi chomwe simufuna kuvomereza. Gemu ya Senegal inatha 0-0. Mané sanagoletse, ndipo pakanapanda VAR kutilanda penate ya Gomezgani Chirwa ija bwenzi tikukamba zina, Senegal yomweyo inakatenga chikho. Anyamata akumbuyo anachita ndendende zomwe ndinaonetsa ndi mabotolo, kuima pomwe munthu akupita. Ndiye nzeru zinali zolondola, ndinangophonya mayina ndi zaka 12. Makochi ena amaphonya zonse ziwiri koma amalandira malipiro.

Ku barbershop kuja ndinasiya kupitako, ngakhale wometa amati ndili ndi balansi ya theka la mutu ndikadzafuna. Ndinasamukira kwa wina ku Chirimba, kutali, kokwera maminibasi awiri. Tsiku loyamba wandikhazika bwinobwino, wandimanga nsalu, nkundifunsa kuti timete yonse kapena ya Angola.

Chithunzicho ngati mukutumizabe tumizani chija ndayang'ana kumbali, chinacho ndinatuluka ndi maso otseka.