Mmene ndinavotera bwana oyang'anira apolisi kuno ku Leicester ndi pasipoti ya kwathu

Ine zoti ndingavote kuno ku UK sindinkaziganizira nkomwe, ndinkangoti izi nza eni dziko, ife tinabwera kudzagwira mashifiti basi. Amene ananditsegula maso ndi mayi ena a ku Zambia amene timagwira nawo ntchito yosamalira okalamba, tsiku lina tikumwa tiyi anangondifunsa kuti achimwene munalembetsa? Ine nkuti kulembetsa chani mayi, ine ndili pa viza. Iwo kuseka mpaka misozi. Nkhani yake njoti Malawi ili mu Commonwealth, nde ngati uli ndi mapepala okuloleza kukhala kuno, kaya viza ya ntchito kaya ya sukulu, umavota bwinobwino ngati mwini mudzi. Zimandiseketsa ndithu, kwathu chisankho chikafika ife a kunja sitiponya voti, koma kwa eni akewa akutiitana okha.

Chisankho chimene chinalipo nthawi imeneyo, pa 2 Meyi 2024, chinali cha munthu amene amati Police and Crime Commissioner, mwachidule PCC. Poyamba ndinkaona ngati ndi wapolisi wamkulu wa yunifolomu ngati Inspector General wathu uja amasankhidwa ndi pulezidenti nkuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo, koma ayi, uyu ndi wandale, sagwira wakuba, sangalamulenso kuti uje mukammange. Ntchito yake nkulemba ntchito mkulu wa apolisi amene amati chief constable, ndipo atha kumuchotsanso, kulemba pulani ya zomwe apolisi aikepo mtima, komanso bajeti. Pa bajetipa mpamene ndinadzidzimuka. Ndinatenga kalata ya council tax, msonkho wa khonsolo, ija imabwera mu Malichi, yomwe ine ndimangoona nambala ya pansi nkudandaula, nditaiwerenga bwino ndinapeza mzere wakewake wa apolisi, ndipo amene amanena kuti mzerewo ukwere ndi zingati ndi bwana yemweyu. Nde ndinati ooh, kani munthu akundipisa mthumba chaka chilichonse ine osamudziwa ndi dzina lomwe. Wathu kuno amayang'anira Leicester, Leicestershire ndi Rutland. Anzathu a ku London ndi Manchester musavutike kufuna, kwanuko udindowu uli mmanja mwa meya, ndipo ku Scotland kulibe zimenezi.

Kulembetsa kwake nkosavuta mpang'ono pomwe. Ndinalowa pa gov.uk pa foni, nkulemba register to vote, mphindi 5 zokha. Amafunsa dzina, tsiku lobadwa, adilesi, dziko lako, ndi National Insurance number, nambala ija boma limakupatsa ukamagwira ntchito kuno, nde ikhale pafupi, ine ndinachita kukaifukula pa payslip. Lembani dzina monga liliri pa pasipoti, osati la pa Facebook lija. Pali funso lina la open register, awa ndi kaundula amene makampani amatha kugula, ine ndinakana ndipo kukanako sikukhudza voti yako. Tsiku lotseka kulembetsa linali 16 Epulo, ine ndinachita kutatsala masabata angapo, kenako kalata ya khonsolo inabwera yoti dzina lalowa, pambuyo pake kakhadi kotchedwa poll card konena malo okavotera. Mayi aja anandichenjezanso kuti ukalowa mkaundula umu tsiku lina atha kukuitana ku khoti kukakhala mgulu la anthu wamba ogamula mlandu, ine mpaka pano sanandiitane, ndikuthokoza.

Chimene chinandivuta kwenikweni nkudziwa oti ndimuvotere. Abale, kwathu chisankho chimamveka, magalimoto a zimkuzamawu, zitenje, matisheti, ana kuthamangira fumbi. Kuno ziii. Pakhomo panga sipanafike munthu ngakhale mmodzi. Ndinachita kufufuza ndekha pa webusaiti ya Choose My PCC, umalemba postcode nkukutulukira anthu onse opikisana mdera lako aliyense ndi tsamba lake la malonjezo, ndipo kunena zoona malonjezowo amangofanana, apolisi ambiri mmisewu, kuthana ndi akuba, kumvera anthu. Ndinawerenga usiku ku ntchito agogo onse atagona. Ndinaonanso kuti kuti uimire umayenera kuika £5,000 ya chikole yomwe imabwerera ukapeza mavoti okwana 5 pa 100 alionse, nde si masewera a munthu wamba ngati ine.

Tsikulo linali Lachinayi, kuno amakonda kuvota Lachinayi ndipo si holide, malo amatsegula 7 mmawa mpaka 10 usiku. Ndinaweruka shifiti ya usiku nkudutsira konko tulo tili mmaso, poll card mthumba, baji ya ku ntchito pakhosi, ndikudziona ngati ndakonzeka. Mayi amene anali pa tebulo anandipempha ID ya chithunzi, ine kutulutsa baji, iwo mwaulemu anati iyi siyololedwa. Ndinaonetsa chithunzi cha pasipoti pa foni, anatinso ayi pakufunika yeniyeni. Vuto linali langa, pa poll card pomwepo analemba mndandanda wonse ine osawerenga. Lamulo la ID linayamba kugwira ntchito ku England mu Meyi 2023, ndipo chodabwitsa nchoti kakhadi kaja ndinkakasamala ngati dzira sikofunika nkomwe, utha kukaiwala kunyumba, chofunika ndi ID. Pasipoti ya dziko la Commonwealth imaloledwa, laisensi ya galimoto ya kuno imaloledwa, ndipo amene alibe chilichonse amapempha kwaulere pepala lotchedwa Voter Authority Certificate koma nthawi ikadalipo osati tsiku lomwelo.

Ndinapita kunyumba, ndinagona kaye, madzulo ndinabwerera ndi pasipoti. Mzere kunalibe, ndinali ndekha ndi agogo ena a galu amene anamumanga panja. Chaka chimenecho mu mzinda wa Leicester munalibe chisankho cha makhansala nde pepala linali limodzi lokha. Anayang'ana nkhope, anachonga dzina, kundipatsa pepala, ine kulowa mkakona kuja, pensulo yomangidwa ndi kachingwe, X mmodzi, kupinda, kuponya. Akuti kale umasankha awiri, woyamba ndi wachiwiri, koma 2024 anasintha kukhala mmodzi, wochuluka mavoti watenga. Ndinaima pang'ono kudikira inki ya pachala, mayi aja kumangondiyang'ana kuti bambowa akufunanso chani.

Anthu kuno udindowu sanaukondepo chiyambire, chisankho choyamba cha mu Novembala 2012 anavota anthu pafupifupi 15 okha pa 100 alionse. Koma zotsatira zathu zitatuluka Rupert Matthews wa chipani cha Conservative anapambananso, kuposa Rory Palmer wa Labour ndi mavoti osakwana 1,000 mdera lonseli, ine ndinangoganiza za anthu a kwathu amene timakumana ku tchalitchi ndi ku maliro omwe sanalembetse poganiza kuti viza siilola. Mu Ogasiti 2025 bwanayo anasamukira ku chipani cha Reform UK, kenako mu Novembala boma linalengeza kuti udindo wa PCC utha mu 2028. Mayi a ku Zambia aja atamva anandilembera pa WhatsApp kuti achimwene voti yanu yoyamba yathetsa ofesi.