Zaka khumi za chigayo chathu ku Ulongwe, ndi mapepala amene tinalibe mu 2020

Chaka chino chigayo chathu chakwanitsa zaka khumi chikulira m'tauni ya Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Tinayamba mu 2015 ndi injini imodzi ya dizilo yomwe malume anga, amene pano anatisiya, anatigulitsa pa ngongole, ndipo ndalama yoyamba yowapatsa inachokera ku mbatatesi zimene ine ndi mayi a kunyumba tinakolola kudimba. Lero tili ndi makina awiri amagetsi, okonola ndi ogaya, antchito asanu, ndiponso ufa wathu wopakira m'matumba. Tikunyadira kwambiri, koma sitingafotokoze zaka khumizi mwachilungamo popanda kunena za chaka chimene tinatsala pang'ono kutseka.

Mliri wa Covid-19 utafika mu Mozambique, sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo kuyambira pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi. Sukulu zogonera komweko, zimene zinkatenga gawo lalikulu la ufa wathu, zinasiya kugula zonse nthawi imodzi. Amayi ophika nsima kumsika anachepetsa ndowa zawo, ndipo anthu odutsa pachipata cha Calomue, omwe ankabwera kuchokera mbali ya Dedza, anasowa. Panali masiku amene injini inkalira kamodzi m'mawa n'kukhala chete mpaka dzuwa kulowa, anyamata atatu amene tinali nawo atangokhala pamatumba opanda kanthu.

Pakati pa chaka chomwecho tinamva pawailesi kuti boma lakonza ngongole zothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, zodzera ku Banco Nacional de Investimento, BNI. Ndalama zonse zinali mameticais 1.6 biliyoni, zina zochokera ku boma lenilenilo ndipo zina ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chitetezo cha antchito, ndipo chiwongoladzanja chake chinali chotsika poyerekeza ndi cha mabanki wamba. Usiku umenewo sindinagone chifukwa cha chimwemwe. Ndinkaona kuti ndife oyenera kuposa wina aliyense, pakuti tinali ang'ono, tinali ndi antchito, ndipo mliri unatipweteka poyera.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe anaphunzira zowerengera ndalama mumzinda wa Tete. Anabwera ndi mndandanda wa zofunika, tinakhala pabenchi kuseri kwa chigayo, ndipo anayamba kundifunsa chimodzichimodzi. Anati, "Amalume, alvará yanu ili kuti?" Ndinatulutsa pepala lopindika lomwe linali m'chitini, ndipo tinapeza kuti chilolezo chochitira bizinesi chimenechi, chomwe ndi alvará, chinali chidakali m'dzina la malemu malume anga, chifukwa sindinaganizepo zosintha. Anafunsa ngati anyamata aja analembetsedwa ku INSS, ndipo sanali. Anafunsa kalata yosonyeza kuti tilibe ngongole ya msonkho, ndipo sindinkadziwa n'komwe kumene imatengedwa. Nambala ya msonkho yotchedwa NUIT ndinali nayo, koma sinalembedwepo pa malonda alionse a chigayo. Pomaliza anapempha mabuku a ndalama, ndipo ndinamupatsa kope la ana asukulu loderadera ndi ufa, momwe munalembedwa zinthu monga "amayi a kuseri kwa tchalitchi, ndowa ziwiri, adzalipira Loweruka". Anatseka kopelo mwaulemu nati, "Chigayochi anthu onse a m'dera lino akuchidziwa, koma pamaso pa boma kulibe."

Sitinapereke n'komwe pempho. Ndinakwiya masiku angapo, koma ndinalibe munthu womukwiyira, chifukwa palibe ofesi imene inatikaniza. Ngongole ya mtundu umenewu imafuna umboni wakuti bizinesi ilipo mwalamulo, kuti ili ndi antchito odziwika amene ntchito zawo zikufunika kutetezedwa, ndiponso kuti mwini wake analibe ngongole zoipa kubanki vutolo lisanayambe. Zonsezi zimayang'ana m'mbuyo, ndipo munthu sangazikonze m'sabata imodzi njala itafika kale pakhomo. Ndimakhulupirirabe kuti njira zotere zimasiya kunja anthu ambiri akumidzi amene amagwira ntchito moona mtima koma ali kutali ndi maofesi, ndipo ndimafuna kuti tsiku lina aganiziridwe. Komabe pa nkhani yathu, kunyalanyaza kunali kwanga.

Posowa kolowera tinapita kwa wakatapila. Sinditchula dzina lake, koma iye akudziwa kuti ngolo yathu ndi ng'ombe imodzi zinapita chifukwa cha ndalama imene sinakwane n'komwe kugula dizilo wa miyezi itatu. Palinso amene ankatigulitsa matumba kwa zaka zisanu ife osamuchedwetsera ndalama zake ngakhale kamodzi, koma nthawi imeneyo anakana kutipatsa mtolo umodzi wokha pa ngongole. Lero amatumiza uthenga wofunsa chifukwa chimene sitikugulanso kwa iye.

Chimanga cha 2021 chitalowa m'nkhokwe ndipo chigayo chitayambanso kulira, ndalama yoyamba sitinagulire lamba kapena sefa watsopano, ngakhale zonsezo zinali zotha. Tinakwera galimoto kupita ku Tete, ku Balcão de Atendimento Único, ofesi ya boma yopereka zilolezo za bizinesi, kukasintha chilolezo kuti chikhale m'dzina lathu. Tinalembetsa msonkho wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa ISPC, umene pa nthawiyo unali 3 peresenti ya zogulitsa kwa amene sapitirira mameticais 2.5 miliyoni pa chaka. Antchito onse tinawalembetsa ku INSS, komwe timapereka 7 peresenti ya malipiro, 4 yochokera kwa ife ndi 3 yochokera kwa wantchito. Tinatsekulanso akaunti ya chigayo payokha, kuti ndalama ya ufa isasakanikirane ndi ya ndiwo zapakhomo. Mapepala onsewa tsopano amakhala m'chikwama chapulasitiki pamwamba pa kabati, kutali ndi fumbi la gaga.

Tikuthokoza mayi a kunyumba, amene anagulitsa nkhuku zawo zonse kuti anyamata asapite kwawo chimanjamanja. Tikuthokoza anyamata atatu aja, omwe anavomera kulandira theka la malipiro kwa miyezi inayi ndipo awiri a iwo tili nawo mpaka pano. Tikuthokoza mwana wa mlongo wanga chifukwa chondiuza zoona ngakhale ndine malume ake, ndiponso chifukwa choyang'ana mabuku athu mwezi uliwonse. Sitingaiwale amayi a gulu losungitsa ndi kubwereketsa ndalama kumpingo kwathu, amene anatikhulupirira popanda chikole, alimi a ku Dómuè ndi Tsangano amene anatipatsa chimanga kuti tidzalipire tikagulitsa, ndi inu nonse amene munkadutsa zigayo zina ndi ndowa pamutu kubwera kwathu.

Kwa akuluakulu a sukulu, mipingo, malo odyera ndi magolosale, tikufuna mudziwe kuti tsopano timapereka lisiti yovomerezeka yokhala ndi NUIT ya chigayo, choncho simudzavutika pofotokoza mmene mwagwiritsira ntchito ndalama. Tili ndi ufa woyera ndi mgaiwa m'matumba a makilogalamu 10, 25 ndi 50, mphale yokonoledwa bwino, ndiponso gaga wa nkhumba ndi nkhuku. Chimanga chonyowa kapena chofumbwa sitichilandira, ndipo sikelo yathu ili poonekera kuti wogula aziwerenga yekha. Amene akufuna matumba ambiri atidziwitse kudakali masiku awiri, ndipo tidzawafikitsira pakhomo paliponse m'tauni ya Ulongwe. Timatsekula kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, m'mamawa ndithu.