Mmene ndinaonera martensite m'kachitsulo ka Co-Ni-Al konkuno ku Lilongwe

Anzanga amene mukulimbana ndi zitsulo zokumbukira maonekedwe ake zija, makamaka za cobalt, ndati ndikuyalireni mmene ine ndinayendera mpaka kuona zamkati mwake pa mayikulosikopu, chifukwa ambiri tikamva nkhaniyi timangoganiza za Nitinol basi, chitsulo chija chosakaniza nickel ndi titaniyamu. Kachidutswa kanga kanali kosakaniza cobalt, nickel ndi aluminiyamu (mwachidule Co-Ni-Al), kukula ngati chikhadabo, anachita kunditumizira aphunzitsi anga ali kunja.

Choyamba mvetsani chomwe mukusaka. Cobalt payekha amasintha kale kayalidwe ka maatomu pafupifupi pa 420°C, kuchoka ku hcp (maatomu oyalana mwa makona asanu ndi limodzi) kupita ku fcc (oyalana mwa kabokosi), koma mu Co-Ni-Al nkhani ndi ina. Kachitsulo ka Co-Ni-Al kakatentha maatomu ake amakhala m'kayalidwe kotchedwa austenite, ka mtundu wa B2, kamene timakatchanso beta, kakazizira maatomu amasendera onse pamodzi pang'ono chabe osasiyana ndi oyandikana nawo n'kukhala m'kayalidwe kena kotchedwa martensite, ka mtundu wa L10. Mukakapinda kali martensite kenaka n'kukatenthetsa, maatomu aja amabwerera mwakale, kukumbukira kuja ndi kumeneku.

Ndinayamba ndi ng'anjo. Kachitsuloka kanali kotsekeredwa m'kachubu ka quartz momwe muli argon, mpweya wosawononga chitsulo, kuti kasapserere ndi mpweya wamba, ndinakawotcha kupitirira 1200°C, ndipo apa funsiranitu ngati labu ili ndi jenereta chifukwa magetsi akathima pakati ng'anjo n'kuzizira yokha pang'onopang'ono ndiye kuti mwapanga chinthu china. Pochotsa palibe kucheza, mbaniro, magolovesi, chotchinga kumaso, n'kukaponya m'ndowa ya madzi a ayezi uku mukuswa kachubu kaja.

Pomwe ndinakhalitsa ndi popala. Sandipepa wam'madzi yemwe amagwiritsa ntchito okonza mabodi a galimoto ndinam'peza ku Malangalanga, kuyambira 240 mpaka 1200, ndipo mukasintha nambala muzitembenuza kachitsulo kuti mikwingwirima yatsopano idutse yakale chopingasa, musachoke mpaka yakale itatheratu. Madzi azithira nthawi zonse, dzanja lizipepuka. Izi ndikunena motsindika abale, zitsulo izi zimasintha ndi kukanikiza komanso ndi kutentha, ndiye mukapala mwamphamvu mutha kupanga nokha martensite pamwamba n'kumakondwera kuti mwaipeza pomwe mkati mulibe. Ndinamalizira pa nsalu ndi phala la diamond mpaka kuwala mbee, kenaka kupaka mankhwala oonetsa zamkati mwa chitsulo, Marble's reagent, ija ya copper sulphate, hydrochloric acid ndi madzi, masekondi ochepa chabe n'kutsuka msanga.

Nditayang'ana, eee, mtima unagunda. Mkati mwa ma grain, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga chitsulo, munali timizere toyandikana tondondozana ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino, gulu ili kuloza uku gulu linalo kuloza kwina, amenewo ndi ma twin a martensite, mbali zoyandikana zomwe maatomu ake ayalana ngati chinthu ndi chithunzi chake m'kalilole. M'malire mwa ma grain munali tizigamba tosalala topanda mizere, imeneyo ndi mbali ina ya chitsulochi yotchedwa gamma, ya fcc, yochuluka cobalt.

Gamma imeneyi ena amaiona ngati chitsotso chifukwa siisintha n'komwe, siikumbukira kanthu, ikachuluka imachepetsa kubwerera kuja. Koma ine ndimailemekeza, beta payokha ndi yophweka kusweka, imathetheka m'malire mwa ma grain, ndiye gamma yochepa ndi imene imagwira zinthu kuti kachitsulo kapindike osaduka. Ndipo kutentha komwe mwawotchera ndi kumene kumalamula kuchuluka kwa gamma, gamma ikasintha beta yotsalayo imasinthanso zosakaniza zake, Ms, kutentha komwe martensite imayambira kupangika, n'kusuntha. N'chifukwa chake tizidutswa tiwiri tochokera pa chitsulo chimodzi titha kukuonetsani zosiyana.

China chomwe tisamachiiwale kuno, mu Co-Ni-Al zambiri kusinthaku kumachitika pafupi ndi kutentha kwa m'chipinda. M'mawa wa mu Juni ku Lilongwe ndi masana a mu Okutobala si chimodzi, ndiye ine chithunzi chilichonse ndimalemba kutentha kwa mu labu pambali pake. Ndinayesanso maginito, kanakakamira, paja zitsulozi ndi za ferromagnetic, zokokedwa ndi maginito.

Manambala enieni a Ms, Mf, As ndi Af (kutentha komwe martensite imayambira ndi kumalizira kupangika, ndi komwe austenite imayambira ndi kumalizira kubwerera) maso sangakupatseni, pamafunika makina a DSC, oyeza kutentha komwe kachitsulo kamamwa kapena kutulutsa pamene kakusintha. Ndinadula kachidutswa kakang'ono kwambiri ndi sowo yoyenda pang'onopang'ono yothira madzi, n'kukatumiza limodzi ndi pepala lofotokoza kutentha komwe ndinawotchera, nthawi yomwe kanakhala mu ng'anjo ndi mmene ndinakaziziritsira, chifukwa popanda zimenezo owerenga girafuyo sangadziwe kuti akuona chani.