Ulendo wathu wokapimitsa mafupa

Achemwali anga a m'gulu lathu la amayi a mavuto a chiberekero, ndalemba izi kuti tisamatsutsanenso za chimene chinachitika m'galimoto muja.

Tinanyamuka mbandakucha tonse osalawa kanthu, poti adokotala anatiuziratu kuti magazi oyezera CTX, chizindikiro cha mmene mafupa akugumukira, amatengedwa m'mawa munthu asanadye. Ukadya, nambala yake imatsika. Tili pakati pa ulendo, kumpando wakumbuyo kunamveka pepala likulira. Msungichuma wathu! Amayi apampando anacheuka n'kufunsa kuti, "Mayi, mukutani kumeneko?" Iwo kukamwa kuli tho, akuti ankayesa zosala kudya n'za okayezetsa shuga okha. Mawu anakwera, ena akuti lamulo tinagwirizana tonse, ena akuti munthu wa njala sakalipiridwa, mpaka adalaivala anazimitsa wailesi kuti amve bwino mlanduwo.

Kuchipatala anatiphunzitsa kuti fupa limagumuka n'kumamangidwanso moyo wonse. CTX imasonyeza kugumukako, P1NP, yomwenso imayezedwa m'magazi, imasonyeza kumangidwako, ndipo chimene chimaletsa kuti kugumuka kusapitirire muyeso ndi homoni ya estrogen. Msambo ukasowa miyezi yambiri, mazira akaleka kugwira ntchito munthu asanakwane zaka 40, prolactin (homoni yopangitsa mkaka wa m'mawere) ikachuluka, kapena ukamabayidwa jakisoni woimitsa msambo chifukwa cha endometriosis (matenda amene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake), estrogen imachepa ndipo mafupa amayamba kufooka osamva kuwawa kulikonse. Kwa ife amene sitinasiye kusamba amayang'ana Z-score, nambala yochokera ku makina opima mafupa yotiyerekeza ndi amsinkhu wathu; ikafika -2.0 kapena kutsikirapo ndiye kuti mafupa achepa mphamvu. Ine zinandikhudza. Zaka zonsezi maso athu ali pa chiberekero basi, za msana ndi chiuno osaziganizako.

Koma chimene sindidzaiwala ndi pakhomo pa chipinda cha makina a DXA, opima kulimba kwa mafupa. Poti amagwiritsa ntchito ekisire, anamwino amayenera kufunsa aliyense kuti, "Kodi mwina muli ndi pakati?" Atamufunsa mng'ono wathu wina wa m'gulu, anangoweramitsa mutu, misozi ili mbwembwembwe. Tonse tinangoti zii. Amene anadzuka ndi msungichuma yemweyo. Anamupukuta kumaso, n'kumuthandiza kuvula lamba wachitsulo, ndipo anaima pakhomopo atagwira lambayo mpaka mwanayo anatuluka.

Zikomo anamwino, munatifunsa mwaulemu ndipo munadikira. Zikomo abambo awiri amene munaperekeza akazi anu. Msungichuma abwereranso kukatengedwa magazi, ndipo amayi apampando ati akhala nawo mpando umodzi, chikwama atawasungira.