Tchuthi chino tikusinthana nyumba

Abale, ine ndi akunyumba tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi sitikagona ku hotela. Tisinthana nyumba ndi banja lina kwa masabata awiri, iwo adzakhala kwathu, ife kwawo, popanda wolipira mnzake.

Chomwe chandikankha ndi zimene zikuchitika m'mizinda yomwe alendo amaunjikana. Ku Venice, mzinda wa ku Italy, kuyambira 2024, mlendo wa tsiku limodzi amalipira kuti alowe mumzinda pa masiku odzaza anthu. Ku Barcelona, mzinda wa ku Spain, anthu anachita zionetsero chaka chomwecho, ena mpaka kuwaza alendo madzi, chifukwa nyumba zambiri zasanduka zogona alendo ndipo lendi yakwera moti mwana wobadwira konko akusowa pokhala. Akuluakulu a mzindawo akuti pofika 2028 ziphaso za nyumba zoterezi, zoposa 10,000, zidzathetsedwa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Munthu asamuke pakwawo chifukwa cha ine wongodutsa?

Mukasinthana, nyumba imakhalabe ya eni ake, palibe wothamangitsidwa. Kawirikawiri imakhalanso kumene kumakhala anthu wamba, kutali ndi kumene aliyense amathamangira kukajambulitsa. Nzeruyi si ya lero ayi, aphunzitsi a ku Ulaya anaiyamba m'zaka za m'ma 1950 kudzera m'bungwe la Intervac.

Chovuta ndi kukhulupirirana. Kupereka makiyi kwa munthu womudziwira pa intaneti si masewera, n'chifukwa chake tacheza nawo pa vidiyo kangapo, ndipo mapepala ofunika tiwatsekera m'chipinda chimodzi. Alipo mwa inu amene anayesapo? Tiuzeni momwe zinayendera.