Nangula wa boti langa la ku Mtakataka

Boti langa ndi la fayiba, lotalika mamita 5 ndi theka, la injini yopachika kumbuyo. Si la geni ayi, ndi lokwera ndi banja n'kumaponya mbedza Loweruka. Limakhala kugombe la nyanja ya Malawi ku Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, ine ndimachita kulitsikira kuchokera ku Dedza boma kudzera msewu wa Khwekhwerere.

Kusankha nangula ndinakuyambira padoko, ndisanaponde m'sitolo iliyonse. Ndinakhala pansi ndi asodzi achikulire n'kufunsa kuti, "Bambo, kumene mumatchera ukonde kuja, pansi pake n'potani?" Anandilongosolera kuti kufupi ndi gombe ndi mchenga, cha kumathiriro a mitsinje monga Bwanje ndi Livulezi ndi matope, pomwe miyala yambiri ili tsidya lija la ku Cape Maclear. Ndinakatsimikiza ndekha ndi kachitsulo kolemera komangidwa pa chingwe. Kunsi kwake ndinamatako sopo wofewa, ndipo ndikakatsitsa n'kukakweza, sopoyo ankabwera ndi mchenga wa mbuu pena, pena thope lakuda bii. Chingwe chomwecho chinandiuza kuya kwa malo amene ndimakonda kuima: mamita 3 mpaka 6.

Anthu ambiri amanyamula nangula m'manja n'kumva kulemera, basi agula. Ine zimenezi sindigwirizana nazo. Chimene chimagwira boti ndi mmene nangula akulumira pansi, ndipo nangula aliyense ali ndi nthaka yake. Uja wa zala zinayi, amene owotcherera zitsulo amapanga ndi zitsulo zomangira nyumba, amakola bwino m'miyala, koma pamchenga amangokanda n'kumatsatira boti. Wa mtundu wa CQR, amene Geoffrey Taylor wa ku Britain anamukonza mu 1933, amagwira pa nthaka zosiyanasiyana, kungoti amadya malo m'boti laling'ono. Ndinatenga wa Danforth, wa mapiko awiri aphanthiphanthi otembenuka pa mtanda wake. Akakokedwa chogona, mapikowo amalowa pansi ngati khasu pamunda wonyowa, ndipo mphepo ikamakoka kwambiri m'pamene amazama. Wanga ndi wa makilogalamu 5, wokutidwa ndi zinki, ndipo amagona phwatalala pansi pa mpando wakutsogolo. Wa zala zinayi ndinagulanso wamng'ono, wa tsiku lowolokera kumiyala.

Nangula sapita yekha m'madzi. Ndinamulumikiza ndi tcheni cha mamita 5, kutalika kwake pafupifupi kofanana ndi boti, chifukwa kulemera kwa tcheni n'kumene kumagoneka nangula kuti akokedwe chammbali osati chokwera. Chimatetezanso chingwe kuti chisamakhulike pansi. Chingwe ndinasankha cha nayiloni cha mamilimita 12, chotalika mamita 50. Nayiloni imatamuka, ndiye funde likamenya boti silidzidzimutsa nangula. Chija cha buluu chopezeka m'misika yathu n'chotchipa, komatu chimayandama, ndipo chingwe choyandama sichichedwa kukulungana ndi pulopela.

Potsitsa ndimawerengera chonchi. Ngati madzi ndi akuya mamita 4, ndimawonjezerapo mita imodzi ya kuchokera pamadzi kufika pamphuno ya boti, n'kuchulukitsa kasanu: mamita 25 a chingwe. M'nyengo ya Mwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndimachulukitsa kasanu ndi kawiri, kukhala mamita 35. Ndimalozetsa boti kumene mphepo ikuchokera, n'kutsitsa nangula pang'onopang'ono osamuponya, kuti tcheni chisamukulunge. Kenako ndimabweza boti chammbuyo ndi moto wochepa mpaka chingwe chitakungika. Ndikagwira chingwecho n'kumva kunjenjemera, ndiye kuti nangula akukhwekhwereza, ndimamukweza n'kuyambiranso. Akagwira ndimasankha mtengo wa pagombe ndi phiri la kuseri kwake, n'kumaona ngati zikusuntha.

Chonde abale, chingwe cha nangula muzimanga kutsogolo kwa boti. Kumbuyo n'kotsika kale ndi kulemera kwa injini, ndipo mukamanga kumeneko mafunde amalowera komweko. Boti limadzaza madzi anthu ali m'kati.

Kutsuka ndimakuyamba nangula asanalowe m'boti. Akafika pamwamba ndimamuviika n'kumuvuula kangapo kuti zibuma zikuluzikulu zigwe. Thope la kumathiriro ndi lomata ndiponso lonunkha, ndipo limakonda kubisala potembenukira mapiko paja. Likaumira pamenepo mapiko amalimba, ulendo wina nangula amangogona pansi osaluma. Choncho ndikafika kumtunda ndimatokosa ndi kamtengo kosongola, kuthira madzi, kutembenuza mapiko uku ndi uku mpaka azigwa okha ndi kulemera kwawo, kenako n'kukwecha ndi burashi yapulasitiki ndi sopo wamba. Burashi yawaya ndi asidi wa m'mabatire ayi, zimachotsa zinki imene ikutchinga dzimbiri. Nyanja yathu ilibe mchere, ndiye chitsulo sichidyeka msanga ngati ku Beira, koma thope lonyowa likakhalitsa limachitabe zake.

Madzi otsukira ndimatunga ndi ndowa ndili m'boti, kutali ndi bango. M'madzi osaya a m'bango ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo cha kumathiriro kumapezeka ng'ona. Zomera zonse zimene zakola pa nangula, makamaka namasupuni, ndimazichotsa n'kuzitaya pouma kuti ndisazisamutsire doko lina.

Tcheni ndimachiyala pa thabwa n'kuchiyendera mfundo ndi mfundo. Pamene patuluka kadontho kofiira ndimapalapo pang'ono ndi sandipepa, kupukuta, n'kupakapo penti ya zinki. Bawuti ya cholumikizira nangula ndi tcheni imamasuka yokha ndi kugwedezeka, choncho ndimaimanga ndi kawaya kosachita dzimbiri kudzera pa kabowo kake, ndipo ndimakaona ulendo uliwonse. Chingwe ndimachiviika m'beseni kuti mchenga utuluke m'kati mwa ulusi, chifukwa umachidula pang'onopang'ono osaoneka. Ndimachiyanika pamthunzi popeza dzuwa limafooketsa nayiloni, ndipo chikauma ndimachilonga mu kreti yobowoka pansi, mbali ya tcheni ili pamwamba, nsonga inayo itamangidwa kale ku boti.